Mlongoti wa Namatope

4 Novembala

Mwana wanga Namatope,

Landira moni wa ine bambo ako ndi wa mayi ako. Kuno tadzuka bwino, kupatula bondo langa lija lomwe limadziwa za mvula kuposa wailesi. Kaya iwe kumzindako? Akugwira cholembera ndi a Telala a kumunsi kwa msewu, ndipo ndawachenjeza kuti mawu anga asawadule ngati nsalu.

Unafulumira kubwerera, sunamve zimene ndinanena pamsonkhano wa Loweruka. Wapampando atafunsa kuti mlongoti wako woyezera madzi auyang'anire ndani, ndinaimirira, chipewa m'manja. Ndinati: "Ine sukulu ndinaisiyira m'kalasi yachiwiri, koma tawerengani ana anga. Woyamba ndi Mapepala, amene ankatola mapepala m'misewu ali wamng'ono. Lero ndi mphunzitsi wamkulu pasukulu ya paphiri apo, makiyi onse ali m'thumba mwake. Wachiwiri ndi Namantha, amene ankathawa ngakhale nkhuku yathadzi. Lero ndi namwino kutsidya kwa nyanja, akubaya jakisoni anthu oti n'chiyankhulo chawo chomwe sitichidziwa. Wachitatu ndi Namatope, amene ndinkamukwapula chifukwa chotseka ngalande ndi dothi. Lero ndi injiniya wa madzi, ndipo mlongoti umenewu wauimika ndi iyeyo. Mzime wanga ndi Liwiro, zaka zisanu ndi zinayi pa chiwongolero cha lole, sanagundepo ngakhale bakha. Ine mwini ndinalondera fakitale ya sopo zaka makumi atatu ndi chimodzi, osasowa ngakhale kachidutswa."

Anthu anawomba m'manja mpaka Wapampando anapinda pepala lake. Ntchito ndi yanga!

Ndibwereze zimene unandiphunzitsa, uone ngati zinalowa. M'mawa uliwonse ndiyang'ane mlongoti pansi pa mlatho paja. Madzi akakhala pobiriwira, ndi mtendere. Akafika pachikasu, ndimenye chitsulo katatu, anthu amange katundu. Akakhudza pofiira, ndimenye osalekeza, onse a kumunsi athamangire kusukulu ya achimwene ako. Kenako ndipake bokosi la tsikulo papepala ndi pensulo ya mtundu womwewo, ndipo mwezi ukatha pepalalo ndikaponye ku positi mu envulopu ya ofesi yanu. Chitsulo watipatsa ndi Liwiro, cha gudumu la lole, tachipachika pamtengo wa pabwalo panga. Chikalira, ngakhale ogontha amatembenuka.

Ndinawafotokozeranso anthu monga umanenera iwe. Phiri talimeta mpala, ngalande tazidyetsa majumbo ndi mabotolo, ndipo nyumba makumi anayi za kumunsi tinazimanga padambo pamene mtsinje unkapumirapo kale. Madzi saiwala khwawa. Chaka chatha anagwetsa nyumba khumi ndi imodzi, ndipo a Telala anakatola madiresi a eni ake m'nthambi za mitengo. Akuti zimenezo ndisatchule. Lembani basi, mayi, ndi mbiri imeneyo.

Unditumizire penti ya mitundu itatu ija ndi chikhoti cha mvula, chachikasu ngati cha anthu a ofesi. Umupatsire Liwiro. Mayi ako akufunsa ngati ukudya mokwanira, poti akuti unaoneka wowonda.

Ndine bambo ako,
Mlonda wa Mtsinje

19 Novembala

Okondedwa Bambo ndi Mayi,

Moni nonse. Ine ndili bwino, ntchito yokha ndiyo yachuluka. Milongoti yotere tikuimika m'mitsinje isanu ndi iwiri mvula isanalimbe. Mayi, ndikudya, musade nkhawa.

Bambo, kalata yanu ndinawawerengera anzanga mu ofesi, ndipo pa bakha paja tinaseka mpaka misozi. Zonse mwabwereza ndendende. Ndisakubisireni, abwana anga ankafuna munthu wodziwa manambala. Ine ndinati, "Amene ndikumudziwa ine sanagonepo pa ntchito." Ndiye dzina langa lili kwa inu.

Mlongoti umenewo ukamagwira ntchito bwino, anthu a kumunsi amakhala ndi maola awiri kapena atatu oti athawe. Ndi ochepa, koma amakwana kutulutsa ana, okalamba ndi mbewu. Chonde muusamalire ngati diso lanu. Kwina ana akugenda penti ndi miyala, kwinanso ena anauzula n'kukamangira khola. Usawonongeke, usabedwe.

Liwiro akubweretserani penti, burashi ndi chikhoti. Zachikasu zinatha, ndapeza chofiira. Musamaime nacho pafupi ndi mlongoti, anthu angathawe pachabe.

Perekani moni kwa a Telala, ndikuthokoza chifukwa cha dzanja lawo. Mundilembere mmene zikuyendera.

Mwana wanu,
Namatope

9 Disembala

Mwana wanga Namatope,

Moni. Tonse tili bwino. Penti yafika, chikhoti chafika. Ndikachivala mayi ako amati ndikuoneka ngati tomato, koma pamsewu anthu amandipatukira.

Tsopano tamva chimene bambo ako achita. Mawu ako aja, akuti ndiusamalire ngati diso langa, anandikhala pamtima. Ndinayamba kuuyang'anitsitsa mlongoti pamene munauika paja, ndipo zinandipweteka. Amayi ochapa ankayanikapo zovala. Wina anamangirirapo mbuzi. Mvula yoyamba itagwa, mtsinje unabwera ndi zinyalala, zitsa ndi galu wakufa, zonse n'kumakola pa mlongoti wa mwana wanga, penti yobiriwira n'kuyamba kusupuka. Ndinadzifunsa kuti kodi diso munthu amalisiya m'matope? Kufakitale katundu wa kampani sankagona pamvula.

Lachiwiri ndinaitana amuna awiri okumba mchenga. Tinauzula bwinobwino, osaukanda ngakhale pang'ono, n'kuukweza chitunda chonse chija mpaka pabwalo panga, pafupi ndi chitsulo. Ndauika m'simenti, thumba lathunthu. Ndaupenta kawiri. Pamwamba ndaukhomera kadenga ka lata. Mwana wanga, ukanauona! Ukuwala ngati wa pabwalo la ndege. Anthu opita kumsika amaima n'kumauyang'ana, ndipo ine ndimauona ndili pakhonde, tiyi m'manja, osavutitsanso bondo.

A Telala akutsutsa, ndipo poti ndine munthu wachilungamo ndawalola alembe. Akuti, "Alonda, kodi munthu akafuna kudziwa ngati madzi osamba atentha, chala amachisiya m'thumba?" Ine ndawayankha kuti kusoka ndi kwawo, kulondera ndi kwanga. Mtsinje ukakwera udzaupeza mlongoti pomwe ulipo, suthawa ayi.

Chiusunthireni, madzi sanaukhudzepo. Pepala langa ndi lobiriwira ngati dimba. Sabata yatha mayi wina wogulitsa makala anayamba kukuwa kuti mtsinje wadzaza, anthu n'kuyamba kutulutsa matiresi panja. Ndinapita komweko nditavala chikhoti, n'kukhazikitsa lamulo: wina asathawe, wina asaopseze anzake, mpaka madzi atakhudza pofiira, ine n'kumenya chitsulo. Tsopano anthu a kumunsi mitima ili m'malo. Amangoti, "Alonda alipo."

Uwauze abwana ako kuti dzina lako lili pouma. Kalatayi ndikumupatsira Liwiro, akunyamuka mawa.

Bambo ako,
Mlonda wa Mtsinje

11 Januwale

Okondedwa Bambo ndi Mayi,

Moni. Chilandirireni kalata ya Novembala ija sindinamvenso kanthu kwa inu. Kodi muli bwino? Bondo lija likuti bwanji? Kapena a Telala atopa nanu?

Pepala la Disembala lokha ndilo lafika ku ofesi, ndipo landisowetsa mtendere. Mabokosi onse makumi atatu ndi limodzi ndi obiriwira. Koma pali mlongoti wina kumtunda kwa mtsinje womwewo, ulendo wa theka la tsiku kuchokera kwanuko, ndipo woyang'anira wa kumeneko anapaka chikasu masiku asanu ndi limodzi. Madzi amenewo sanauluke, Bambo. Anadutsa pansi pa mlatho wanu.

Abwana anaika mapepala awiriwo patebulo n'kundifunsa, uku akumwetulira, ngati madala aja amapaka ali m'bulangete. Ndinayankha kuti ayi, koma ndinalibe chowaonetsa.

Musakwiye. Ngati bondo likukukanizani kutsika chitunda, nenani, tipeze wokuthandizani. Ngati maso ayamba kusokoneza mitundu, nenaninso, si zamanyazi. Mvula yaikulu isanafike tiyenera kudziwa chavuta. Liwiro akuti lole yake ili kugalaja, ndiye yankho muponye ku positi.

Mwana wanu,
Namatope

18 Januwale

Namatope,

Moni. Tili moyo.

M'bulangete! A Telala awerenga mawu amenewo kawiri, chifukwa koyamba ndimayesa alakwitsa. Ine, amene mbava zinkalambalala msewu wonse zikangomva kutsokomola kwanga? Uwauze abwana akowo kuti pamene iwo ankayamwa chala, ine n'kuti nditagwira kale akuba asanu ndi awiri. Maso anga amaona nyerere ili pakhoma la mnzanga. Mlongoti ndimauyang'ana kasanu pa tsiku, ndipo ndi wouma gwaa kuyambira pansi mpaka kudenga. Ngati wa kumtundayo akupaka chikasu, mwina pensulo yobiriwira anaitaya.

Zonse ndinakulembera mu Disembala, ndipo m'malo mwa zikomo ndalandira bulangete. Sindinenanso zambiri. Mayi ako akuti ndisamalize kalata ndili wokwiya, ndiye ndikuti Mulungu akusunge.

Bambo ako

Mwanawe, apa ndikulemba ndine Telala, madala apita kukapukuta mlongoti wawo. Sindikudziwa ngati kalata ya Disembala unailandira. Mlongoti suli kumtsinje. Anaukweza pabwalo pawo pamwamba pa chitunda, ndipo anaumangira denga. Ine za uinjiniya sindizidziwa, koma Lachinayi madzi anafika pa sitepe ya khonde langa, chitsulo chili duu. Tsiku limene madzi adzafike pofiira pamenepo, ife a kumunsi tidzakhala tikusambira pamwamba pa madenga athu. Ndikawauza amati unalamula ndi iwe. Anthu akukhulupirira iwo, poti ali ndi chikhoti ndi mwana injiniya. Ine ndili ndi sizasi ndi makina basi. Yankhula nawo wekha, mawu a wina salowa.

29 Januwale

Achemwali,

Musandiphe. Amakaniko pochotsa mpando wa lole apeza kalata iyi ya madala, pamodzi ndi sipanala imene ndinamunamizira mnzanga kuti waba. Ndi ya Disembala. Yanyowa pakona pokha. Ndakusowani mu ofesi, akuti muli kumsonkhano, ndiye ndaisiya pageti. Lole yachira. Mawa m'mawa ndikupita kwathu ndi malata a sitolo. Ngati pali choti ndinyamule, ndipezeni kugalaja. Ulendo uno ndiika m'thumba la malaya, ndalumbira. Kwa madala musanene kuti ndine, mungoti ndi a positi.

Mzime wanu wosalakwa,
Liwiro

29 Januwale, madzulo

Bambo anga,

A Telala, chonde werengani zonse, mokweza, osadumpha mawu.

Makalata anu awiri, ya Disembala ndi ya Januwale, ndawalandira lero nthawi imodzi. Pepani pa za bulangete. Simunagone, tsopano ndadziwa. Koma Bambo, mlongoti uja ntchito yake ndi kunyowa. Malo amene tinauika tinawayeza masiku atatu ndi makina, kuti madzi akamakhudza pofiira akhale atatsala pang'ono kulumpha gombe la kumunsi. Pabwalo panu ndi pamwamba kuposa madenga a kumunsi. Pamenepo sudzanena kanthu mpaka anthu atamira. Cholakwa ndi changa. Ndinakuphunzitsani mitundu, osakuuzani chifukwa cha malo.

Musayese kuubwezera tsopano, mtsinje wakula. Chitani izi. Imani pamlatho, muyang'ane paipi yakuda ija yodutsa kunsi kwake. Madzi akatsala mkono umodzi kuti aikhudze, ndi pachikasu. Akaikhudza, ndi pofiira. Musadikirenso china.

A zanyengo atichenjeza kuti kumapiri kugwa mvula yoopsa masiku atatu akubwerawa. Ine andituma kumtsinje wina, sindingathe kufika. Auzeni achimwene akonzeretu makalasi.

Chovuta ndi ichi, Bambo. Anthu munawauza kuti asasunthe mpaka aone madzi pofiira. Adzayang'ana mlongoti wouma n'kubwerera m'nyumba. Amene angamasule lamulo limenelo ndi amene analimanga.

Mwana wanu,
Namatope

6 Febuluwale

Mwana wanga Namatope,

Moni kuchokera m'kalasi yachitatu ya sukulu ya achimwene ako, mmene a Telala akukhala ndi mabanja ena asanu. Ndili mwana ndinalephera kufikamo m'kalasi imeneyi, lero ndalowamo ndi imvi. Ndiyambe ndi chachikulu, ndipo a Telala alembe ndi zilembo zazikulu: PALIBE WAFA. Ngakhale mmodzi!

Liwiro anafika Lachisanu cha m'ma 9 koloko m'mawa, atazungulira njira yaitali poti msewu unaduka. Kalata inali m'thumba la malaya, atachita kuibaya ndi pini. N'kuti mvula itagwa masiku awiri osapuma. A Telala anaiwerenga pakhonde panga, mayi ako ali pomwepo. Atafika pamene ukuti ntchito ya mlongoti ndi kunyowa, ndinayang'ana kadenga kaja, n'kumva ngati wina wandivula pakati pa msika. Mayi ako anangondipatsa chikhoti.

Ndinatsikira kumlatho, bondo litaiwala kuti limadwala. Mwana wanga, mtsinje unali ukubangula, wofiira ngati njerwa, ukukoka mitengo ya nthochi yathunthu ndi chitseko cha munthu. Ndinagona chafufumimba n'kusuzumira. Kuti madzi akhudze paipi ija panatsala si mkono ayi, koma chikhatho chimodzi.

Ndinakwera n'kuyamba kumenya chitsulo. Ndinamenya mpaka manja anachita dzanzi. Anthu anatuluka ndithu, anafika mpaka pabwalo, koma anangoima ndi maambulera awo n'kumayang'ana mlongoti. Wometa tsitsi wa kumunsi anaugwiragwira n'kunena, "Alonda, nanga si wouma uwu? Kapena mwalawira kabotolo?" Ena anaseka. Wapampando anati, "Lamulo ndi lanu lomwe, madala. Sitithawa pobiriwira." Ndipo anayamba kutembenuka kuti azibwerera kumunsi, ana kumsana.

Apo ndiye ndinadziwa kuti chitsulo pachokha sichikwana. Ndinawapatsa nyundo mayi ako, ndinakwera pa simenti yanga ija, n'kuvula chipewa pamvula. Ndinati: "Abale anga, mlongoti uwu ukunama, ndipo wounamitsa ndine. Mwana wanga anauika poyenera, ine ndi nzeru zanga za kufakitale n'kuuchotsa. Miyezi iwiri ndakhala ndikulondera mtengo wouma. Mayi wamakala ananena zoona, a Telala ananena zoona, chitsiru ndine. Mudzanditukwane mawa muli amoyo. Lero thawani!"

Kenako mayi wamakala uja anakuwa, "Mwamva? Madala awa avomera kulakwa! Ndiye kuti dziko latha ndithu! Tiyeni!" Pomwepo msewu wonse unangoti piringupiringu.

Ukanaona, mwana wanga! Mayi ako akumenya chitsulo ngati akumenya ine. Liwiro anatsitsa malata a eni ake pabwalo, n'kulowa ndi lole chambuyo mpaka pakati pa msewu wa kumunsi. Ulendo woyamba okalamba ndi amayi oyembekezera, wachiwiri ana, wachitatu matumba a mbewu ndi mbuzi. Achimwene ako anatsegula makalasi onse n'kuima pageti ndi kaundula, kuitana nyumba imodziimodzi ngati ana a sukulu. A Telala makina awo anakwera phiri pamapewa a amuna anayi, eni ake akutsatira m'mbuyo n'kumakuwa kuti asamale singano. Ine ndinayenda khomo ndi khomo, poti ena sanafike pabwalo, ndipo paliponse ndinabwereza mawu omwe aja, kuti ndinalakwa. Pakhomo loyamba anali owawa ngati mankhwala a malungo. Pofika lakhumi lilime linali litazolowera.

Wometa anakana kutuluka mpaka atamasula galasi lake pakhoma. Ndinachita kumukoka ndi lamba, madzi ali m'akakolo. Titafika pakati pa chitunda tinamva chiphokoso kumbuyo. Potembenuka, gombe linali litagumuka. Isanakwane 1 koloko masana, madzi anali akulowera m'mawindo.

Nyumba zisanu ndi zinayi zagwa, ya a Telala ili m'gulu lomwelo. Zitsime zadzaza matope, tikumwa madzi owiritsa okhaokha monga amalamulira Namantha m'makalata ake. Nkhuku zapita zambiri. Mlongoti wako uli chiimire, wouma, wokongola, ndipo sindikutha kuuyang'ana.

Wapampando akuti madzi akaphwa kudzakhala msonkhano wokamba za ine. Uwauze abwana ako zoona zonse, usandibise. Ngati chikhoti akuchifuna, ndachichapa kale.

Bambo ako

21 Febuluwale

Okondedwa Bambo ndi Mayi,

Moni. Ndabwerera kumzinda dzana. Kalata yanu ndinaiwerenga nditatseka chitseko, poti sindinafune anzanga aone nkhope yanga.

Abwana ndawauza zonse, ndi za kadenga zomwe. Anaseka, kenako anasiya kuseka. Kumtsinje kumene ndinali ine, mlongoti unali pamalo pake, woyang'anira anamenya chitsulo pa nthawi yake, koma anthu ambiri anati madzi aja amawadziwa, n'kukhala. Tataya anthu atatu. Abwana akufunsa kuti inu munatani kuti nyumba makumi anayi zimvere. Ndawauza kuti munavula chipewa.

Kuyambira tsopano, poimika mlongoti tizisonkhanitsa anthu onse a pamalopo n'kuwafotokozera chifukwa chake waima pamene waimapo. Za woyang'anira akuti asankhe ndi anthu a kwanuko, ofesi silowererapo. Ndikudikira kumva, mtima uli m'mwamba.

Ndatumiza mankhwala othira m'madzi akumwa ndi mapepala apulasitiki ofolera. A Telala atenge oyamba. Mtsinje ukaphwa mu Epulo ndibwera ndi makina oyezera. Chikhoti ndi chanu. Ndinagula ndine, osati ofesi.

Mwana wanu,
Namatope

10 Marichi

Kwa ana anga nonse, Mapepala, Namantha, Namatope ndi Liwiro,

Landirani moni wa ine ndi wa mayi anu. A Telala alemba makalata anayi ofanana, ngakhale Mapepala ndimamuona tsiku ndi tsiku, ndipo onse apita pa positi. Liwiro, usafunse chifukwa chake.

Msonkhano unachitika dzulo. Ndinapita wopanda chikhoti, n'kukhala kumbuyo. Anandiyankhula, ndipo sanandinyengerere. Wometa anati galasi lake linang'aluka chifukwa cha kukoka kwanga. Wina anati mbuzi zake ziwiri zikanapulumuka chitsulo chikanalira m'mamawa. Ndi zoona. A Telala, amene akulemba izi ali m'kachisakasa ka pulasitiki, anaimirira n'kunena kuti akanachenjezedwa pachikasu akanatulutsa ndi bedi lomwe. Ndinaweramitsa mutu. Kenako anati, "Koma mukasankha watsopano, ayamba kulakwitsa kuchokera pachiyambi. Awa alakwitsa kale, ndipo anatiuza okha, ataima pamvula."

Ana anga, manja anakwera! Ndinayesa kuwerenga koma ndinasokoneza, m'maso munachita nkhungu. Ndine mlonda wa mtsinje kachiwiri! Kungoti tsopano tilipo atatu: ine, mayi wamakala ndi a Telala, ndipo awiri akatsutsa mmodzi, mmodziyo akhale chete. Wapampando akuti lamuloli silikuloza munthu, koma onse anayang'ana ine.

Tagwirizananso kuti Loweruka lililonse tizifukula ngalande, wotayamo jumbo azikalitola yekha. Amene nyumba zawo zinagwa apatsidwa malo kuseri kwa sukulu, asabwererenso padambo. Mbande za mitengo ya kuphiri walonjeza Mapepala.

Tsopano tamverani. Simenti yanga ija ndi yolimba zedi, ndipo okumba mchenga aja akuti safuna kutchulidwanso pa nkhani imeneyi. Ndiye ntchitoyi ndi ya banja lino. Loweruka pa 12 Epulo nonse mukhale pakhomo pano, ndi akazi anu, amuna anu ndi adzukulu anga. Namantha, pempha tchuthi lero lomwe, ndege sidikira munthu. Namatope abwere ndi makina ake, Liwiro ndi nyundo yaikulu, Mapepala avule tayi. Tidzaphwanya simenti, tidzaunyamula mlongoti pamapewa n'kutsika nawo chitunda msewu wonse ukuona, ine patsogolo. Pamene adzaloze Namatope ndi pomwepo, osasuntha ngakhale chala. Mayi anu akuti adzaphika za anthu makumi asanu. Mubwere ndi zovala zoti zide.

Ndabwereza: Loweruka, pa 12 Epulo, 8 koloko m'mawa. Wochedwa adzanyamula kolemera.

Ndine bambo anu